Nyumba Yogulitsa, Maliro Aulere

Nyumba yathu ya ku Salt inali yabwino, asakunamizeni munthu. Miyala yachikasu, khonde loona tauni yonse, mpesa pakhomo. Vuto lake linali loti inakhala pamwamba penipeni pa phiri, ndipo kuti ufikeko unkakwera masitepe mpaka lilime panja. Tili ndi mphamvu tinkawathamanga masitepewo, mwana kumanja, thumba la ufa kumutu. Koma chaka chatha mawondo a amuna anga, Abu Haitham, anakana ntchito. Munthu amene mzikiti sunkatsegulidwa iwo palibe anayamba kuswalira pampando m'chipinda, akumva anzawo akuseka kumunsi.

Mwana wanga wamkazi Rula anatipezera nyumba yapansi ku Amman, pafupi ndi kwake, yopanda sitepe ndi imodzi yomwe, mzikiti kungodumpha msewu. Mwini wake anati atidikira mpaka mwezi uthe, ukangotha apatsa wina. Ndiye yathuyi inayenera kugulidwa mwezi womwewo, apo ayi bambowa akalambira m'chipinda ngati nkhunda yothyoka phiko.

Ogula ankabwera, sindikana. Koma amuna anga ali ndi nthenda ina yoposa ya mawondo: pakamwa pawo palibe chitseko. Munthu akangoti, "Koma nyumbayi ndi yokongola," iwo pompo: "Yokongola ndithu, koma tabwerani muone khoma ili mmene limachitira thukuta nthawi ya mvula." Wina anamuuza kuti madzi safika kumtunda kuno mpopi ukafooka. Wina anamuuza kuti amphaka a aneba amaberekera padenga lathu. Ine kutsokomola, kutsinzinira, mpaka kuwaponda phazi, iwo: "Ukundiponderanji, mkazi iwe? Ndanama?" Ogula onse anathawa chomwecho.

Tsiku lina anaimba foni Haitham, mwana wanga woyamba, ali ku Canada uko.

"Amayi, kuno sagulitsa choncho. Amasankha tsiku limodzi, chitseko n'kuchisiya chotsegula, onse ofuna nyumba amabwera nthawi imodzi. Akaonana maso ndi maso amachitirana nsanje, mtengo umakwera wokha."

Zambiri zimene amalankhula mwanayu zimandidutsa pamwamba, koma zoti mtengo umakwera ndinazimva bwinobwino.

"Ndiye ndichite chiyani? Fulumira, mphika uli pamoto."

"Chotsani katundu, nyumba ioneke yaikulu. Zithunzi zonse pakhoma mutsitse. Pakhale kafungo kabwino, kanyimbo kapansipansi, pokhala, chakumwa ndi zotsekemera. Anthu a ku Amman ndiwaitana ndine pa foni. Ndiyeno amayi... ababa asakhalepo."

"Pokhapo ndiye walankhula ngati mwana wanga."

Tinasankha Lachisanu, anthu sali kuntchito. M'bandakucha mlamu wanga Mifleh anabwera ndi kalole kake, n'kuwatsitsa achimwene ake pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe, akudandaula njira yonse, kupita nawo kuchigwa kumunda wake wa mandimu. Palibe anawaona akutsika. Ndipotu panali patapita masabata anthu asanawaone panja.

Ine ndinayamba ntchito. Mipando ndinabwereka yapulasitiki kwa munthu amene amabwereketsa pa maukwati ndi pa maliro. Haitham anati chipinda chioneke chachikulu, ndiye ndinangoika ingapo m'kati, yotsalayo ndinaindandalitsa panja, motsatira khoma mpaka pamasitepe. Zithunzi ndinatsitsa zonse kupatula chimodzi, chachikulu cha Abu Haitham atavala chitambaya chawo chofiira kumutu, chifukwa ndi chimene chinkabisa khoma lachinyezi lija. Nyimbo? Nyimbo pa Lachisanu m'mawa, ndine wa ku Canada ine? Ndinatsegula wailesi ya Kurani. Zotsekemera ndinali nditakafunsa mtengo dzulo lake, ndipo ndinamuuza wogulitsayo kuti adye yekha ndi ana ake. Anthu osawadziwa, ongobwera kudzasuzumira m'makabati mwanga, ndiwadyetse uchi? Ndinaphika khofi wowawa, wopanda shuga, ndi kuika zipatso za tende zotsala pa Ramadani m'mbale. Ndinavala diresi langa labwino, limene ndi lakuda, ndi kufukiza lubani wambiri mpaka maso anga anafiira ngati ndasenda thumba la anyezi. Kenako ndinatsegula chitseko kuti ng'aa, n'kukhala pansi kudikira ndalama.

Woyamba kulowa sanali wa ku Amman. Anali Umm Basil, ndiye kuti Mayi a Basil, neba wa nyumba yakumunsi kwathu, mwini amphaka aja, akubweza mbale yanga. Anaima pakhomo. Anayang'ana mipando. Anatchera khutu ku wailesi. Ananunkhiza khofi. Anayang'ana ine, chakuda thupi lonse, maso psuu. Kenako maso ake anakafika pa chithunzi chili chokhachokha pakhoma. Mbale ija pansi phwaa!

"Mayo ine! Abu Haitham! Mwachoka bwanji osatsanzika?"

Pomwepo m'pamene ndinaona zimene ndinakonza ndi manja angawa. Kwathu kuno chitseko chotsegula, mipando pamzere, Kurani, khofi wowawa ndi tende popanda chotsekemera, ngakhale mwana wa m'manja akuuzani kuti pakhomopo pagwa zovuta.

"Tseka pakamwa, iwe! Sanafe! Ali kuchigwa kwa Mifleh, akuthyola mandimu. Ndikugulitsa nyumba!"

Umm Basil anandigwira mutu n'kuukanikiza pachifuwa pake.

"Inde, m'bale wanga, inde. Zimayamba chonchi. Ine amayi atamwalira ndinkawaikirabe mbale pachakudya. Lankhula zonse, zituluke."

"Ndisiye, ukunditsamwitsa! Ndipo mbale yanga wandiswera!"

"Mwamva? Akudandaula mbale. Mutu wasokonekera, mayi wachisoni."

Amene ankawauzawo anali akazi ena awiri, atafika kale pakhomo. Ku Salt uthenga wa maliro umatsika masitepe ngati madzi otayika, koma wotsutsa umayenda ndi ndodo. Ndikamuuza mmodzi kuti munthu ali moyo, khumi akulowa akulira. Amuna anadzaza mipando yapanja, wometa tsitsi, wagolosale, woyendetsa basi, Shehe amene. Akazi anadzaza m'kati mpaka kukhitchini. Wina anandilanda ketulo ya khofi, ati namfedwa sagwira ntchito. Wina anati mtembo uli kuchipatala, ndipo nthawi yomweyo panapezeka munthu amene anaiona ambulansi ndi maso ake.

"Dikirani, ndiwaimbire muwamve nokha!" ndinakuwa.

Ndinaimba. Foni ya Abu Haitham inalira pansi pa khushoni pamene anakhalira Umm Basil. Anali ataiiwala, monga mwa masiku onse. Nyumba yonse inabuma kulira kuposa poyamba.

Nditasuzumira pakhonde ndinaona zinthu ziwiri, ndipo zonse zinandiwawa. Kumunsi Abu Basil, mwamuna wa Umm Basil, anali atagwetsa kale nkhosa, chifukwa nyumba ya maliro siphika, amaphika ndi aneba. Ndipo kumapeto kwa masitepe magalimoto a ku Amman ankaima, anthu ovala bwino ankatuluka, kuyang'ana m'mwamba, kuona mzere wa amuna atazyolika, n'kulowanso m'galimoto. Ndani angakambe za malonda pamaliro? Ogula anga ankabwerera mmodzimmodzi ine ndikuona.

Awiri okha ndiwo anafika pamwamba, chifukwa anazindikira mochedwa, ndipo kubwerera pakhomo pa maliro ndi manyazi. Mwamunayo anakakhala ndi amuna anzake panja. Mkaziyo analowa, mayi wowonda wa magalasi, wamsinkhu wanga. Anandigwira dzanja, kundipepesa mwaulemu, n'kulandira kakapu kake ka khofi. Koma ine ndinamuona. Pakamwa pankati pepani, maso ankayeza denga.

Ndinamukokera m'bafa, malo okhawo amene munalibe munthu, n'kutseka chitseko.

"Mwabwerera nyumba, eti?"

"Pepani kwambiri, Hajja, sitinadziwe. Ndine Maysoun, uyo panjayo ndi mchimwene wanga Adnan. Tidzabwera tsiku lina."

"Tsiku lina liti? Mwezi ukutha. Tamverani, mayi: pano sipanafe munthu. Amuna anga ndawathamangitsira kumunda kuti asandiwonongere malonda. Awa angoona mipando basi. Taonani matailosi awa, ndi a chaka chatha chomwechi."

Wamisala satchula chaka cha matailosi, ndiye anandikhulupirira. Anavula magalasi n'kuseka mpaka kukhala pamphepete pa bafa.

"Ndiye onsewa ndi abale anu?"

"Abale ati? Aneba. Anthu osowa chochita. Ukayetsemula kumtunda kuno, kumunsi akuphikira kale msuzi."

Anasiya kuseka. Anati iye anakalambira ku Kuwait akuphunzitsa ana a eni, sanakwatiwe, ndipo tsopano akukhala m'nyumba zosanjikizana ku Amman. Mkulu wina wa khomo loyang'anana ndi lake anamwalira m'nyengo yozizira, anthu anadziwa ataona kuti buledi waunjikana pachitseko.

"Pamaliro pake mipando inatsala yambiri," anatero. "Ndipo dzina lake ndinalimva tsiku lomwelo."

Ine mumtima ndinati, Mulungu ndi wamkulu, nsomba yalowa yokha. Koma ndisanatsegule pakamwa, panja panamveka chiphokoso ngati msika wapsa.

Zomwe zinachitika n'zakuti wometa tsitsi anaimbira Mifleh kuti amupepese, Abu Haitham ali pambali pake akudya buledi ndi mafuta. Mifleh atafuna kuyankha, achimwene ake anamutseka pakamwa: "Usanene. Liza galimoto, ndikaone amene abwera." Tsiku lokhalo m'moyo wawo wonse anasunga chinsinsi, ndipo linali tsiku lolakwika.

Bambowa atatuluka m'kalole kumunsi, wagolosale anathawa kusiya nsapato. Kenako amuna onse anatsika, kuwakhazika pampando wapulasitiki, n'kuwanyamula pamapewa masitepe onse ngati mkwati, akuimba. Akazi amene ankalira aja anasintha pompo n'kuyamba nthungululu, misozi isanaume. Umm Basil yekha ndiye anakwiya.

"Ndiye misozi yanga yonse ija yapita pachabe? Umm Haitham, bwanji osanena?"

"Osanena? Ine? Ndikadakhala ndi mbale ina ndikadakuswera pamutu!"

Abu Haitham anawatsitsa pakati pa chipinda, nkhope ikuwala ngati mwana pa Idi. Ankangoloza anthu.

"Shehe, mwabwera? Nanunso Abu Samir? Inu amene simundiyankha moni chiyambire nkhani ya mpanda ija?"

"Ndinabwerera wakufa," anatero Abu Samir akupukuta m'maso. "Wamoyo sindikumuyankhabe."

Ndinadziwa kuti nthawi ndi yomweyi. Ndinakoka Maysoun, ndi kuitana mchimwene wake alowe.

"Abu Haitham, awa ndi alendo a ku Amman, adzaona nyumba. Apatseni moni, basi, moni yekha."

"Takulandirani! Nyumba yabwino iyi. Koma tadikirani. Mifleh, tatsitsa chithunzi changacho aone."

Khoma lija linaonekera, lakuda ngati pansi pa mphika, pamaso pa tauni yonse. Adnan, bambo wamimba yake ndi makiyi a galimoto m'manja, anamwetulira koyamba chifikire. Analigogoda ndi kiyi, n'kutchula mtengo.

"Umenewo ndi mtengo wa masitepe okha," ndinamuuza. "Nyumba simunayambe kuigula."

"Hajja, khomali likudwala."

"Likudwala nthawi ya mvula basi. Inu simudwala chimfine? Alongo anu akutayani?"

"Mlongo wanga akwera bwanji phiri lonseli?"

"Wakwera kale, ndipo sakupuma ngati inu."

Anakweza pang'ono, ine osasuntha. Tinali tikuyamba kumvana kukoma, pamene Abu Haitham anamenya ndodo pansi.

"Sindigulitsa."

Ndinawatembenukira.

"Mwati bwanji?"

"Sindigulitsa! Taona anthuwa, mkazi iwe. Nkhosa yafa chifukwa cha ine. Abu Samir walira. Ndipite ku Amman ndikafe ngati mphaka, Rula yekha ndi mwamuna wake atakhala pa mipando iwiri? Ngakhale mundipatse golide wolemera ngati phirili, pano sindichoka."

Amuna anawomba m'manja. Adnan anabweza makiyi m'thumba, nati kwa mlongo wake tiyeni. Koma Maysoun sanasunthe. Ankayang'ana akazi akutsuka makapu anga ngati kwawo, ndipo ndinaona kuti kukana kwa bambowa kwamuwonjezera njala. Wogula ndinali naye. Wogulitsa ndiye anali atandithawa.

Ndikanatha kukuwa, ndimatha bwino. Koma nthawi yomweyo kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya Lachisanu, ndipo amuna onse anadzuka kufunafuna nsapato.

"Musawasiye anzanu," ndinatero mokweza. "Mwawakweza, atsitseni akaswali nanu."

Amene anawanyamula aja anali nkhalamba zinzawo. Wometa tsitsi anali atagwira msana. Woyendetsa basi anali atakhala pa sitepe, akupumira m'kamwa.

"Lero tiwanyamula, palibe vuto," anatero Abu Basil, mawu akutuluka mokakamiza.

"Mwachita bwino. Nanga madzulo? Nanga mawa m'bandakucha? Tigawane masiku pompano, Shehe ali pano achitire umboni. Abu Samir, inu mutenga Lolemba?"

Aliyense anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwake. Si anthu oipa. Kunyamula munthu kamodzi, wamoyo kapena wakufa, aliyense amatha. Abu Haitham anawayang'ana mmodzimmodzi, anayang'ana msana wa wometa uja, kenako anakweza dzanja.

"Pitani, abale anga, mungachedwe. Mukandipempherereko."

Anatsika onse, Adnan yemwe. Bambowa anatsala okha pakati pa akazi, pampando wapulasitiki pakhomo, akumvera nsapato za anzawo zikutsika mpaka zii. Kukhala chete kumandivuta kuposa kubereka, koma ndinakhala.

Patapita nthawi anaitana, osandiyang'ana ine.

"Mayi a ku Amman, tabwerani. Nyumbayi mukuifunadi, ndi khoma lake lomwe?"

"Ndikuifuna, Hajji."

"Madzi amavuta. Amphaka..."

"Abu Haitham!"

"Chabwino, chabwino. Mtengo mukambirana ndi uyu, Mulungu akuchitireni chifundo. Ine changa n'chimodzi. Tsiku limene ndidzafe zenizeni, maliro anga adzachitikire m'nyumba muno. Chitseko ichi chidzatsegulidwe, mipando panja pomwepa, masiku onse a maliro. Awa sangapite ku Amman, sadziwa n'kokwerera basi komwe."

Ndinatseka maso. Ndinati basi, malonda afera pompa. Ndani angagule nyumba ndi mtembo wa mwini wakale m'kati?

"Ndavomera," anatero Maysoun. "Koma nanenso changa n'chimodzi. Ndikadzatsogola ndine, inu mudzabwere kuchokera ku Amman, akunyamuleni pampando womwewo, mudzakhale kutsogolo."

"Ameneyo ndi mnzathu kale!" anakuwa Umm Basil. "Mayi, mumakonda amphaka?"

Mtengo tinakambirana awiriwiri kukhitchini, mpunga ukubwadamuka pambali. Musaganize kuti poti ndi wophunzira anali wofewa. Anandikumbutsa za khoma, ine ndinamukumbutsa za khonde. Anatchula madzi, ine ndinamutsegulira zenera kuti aone akazi akupakula mansafu, mpunga wa nyama ya nkhosa ija, pamaliro a munthu wamoyo, ndi kumufunsa ngati ku Amman zimenezi amagulitsa pa sitolo iti. Ananyamuka kawiri, ine ndinanyamuka katatu, m'nyumba mwanga momwe. Pomaliza anafika pamene ndinkafuna, ine ndinamusiyira makatani ndi mbaula, zimene sindikadapita nazo kulikonse.

Amuna pobwera kumzikiti anapeza zatha. Adnan anagwira mutu.

"Maysoun, ndangokusiya pang'ono, wagula nyumba ndi maliro omwe?"

"Maliro andipatsa aulere," anatero mlongo wake. "Khala pansi, udye."

Shehe anagwiranitsa manja a Abu Haitham ndi a Adnan, tonse tinawerenga pemphero la Fatiha, ndipo nkhosa ya Abu Basil inadyedwa mpaka mafupa. Womwalirayo ndiye anadya kuposa onse.

Dzuwa litapendeka anthu anabalalika. Ndinkasanjikiza mipando, iwo atakhala pakhonde akutokosa m'mano.

"Umm Haitham."

"Nchiyaninso?"

"Anthu onse aja akulira... iwe sunagwetseko ngakhale kamsozi kamodzi?"

"Ndilire chiyani, ndikudziwa kuti muli kumandimu?"

"Ngakhale pongoganizira chabe?"

"Ndinalibe nthawi. Ndipo mandimuwo ali kuti?"

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ndodo yawo.

"Tinawaiwala kumunda."

"Mwaona? Kufa mwalephera, mandimu mwalephera. Kwezani miyendo ndisese, Lamlungu tikuyamba kumanga katundu."